Funsani Wamawaya: wailesi ya m'galimoto, mabatani a pachiwongolero ndi mzimayi wolankhula Chijapani

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani imodzi, ya wailesi ya m'galimoto, ndiye za masitata ndi nyale zakutsogolo zidikire kaye. Kwa amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndimakonza zamagetsi a galimoto pa Ntcheu boma, m'kashedi ka malata m'mbali mwa msewu wa M1. Dashibodi yoyamba ndinaitsegula masiku aja tinkabweza tepi ya kaseti ndi bolopeni. Mafunso ena ndawafupikitsa kuti akwane, eni ake musakwiye.

FUNSO: Achimwene, ndili ndi Sienta yomwe ndimanyamulira anthu pakati pa Lizulu ndi Ntcheu. Inachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Wailesi yake imayaka bwinobwino koma manambala amathera pa 90, ndipo siteshoni imagwira imodzi yokha. Loweruka anthu amafuna mpira, ine ndimangopepesa. Yawonongeka kodi? — Dalaivala wa Sienta, Lizulu

YANKHO: Sinawonongeke achimwene, ikungotsata zakwawo. Ku Japan FM imayambira pa 76 n'kuthera pa 90 MHz, ngakhale mawailesi awo atsopano amapitirirako pang'ono. Kuno kwathu, monga m'maiko ambiri, imayambira pa 87.5 mpaka 108. Pokumanira pake ndi kampata kakang'ono, 87.5 mpaka 90. Siteshoni imodzi mukuimvayo ndi yomwe inachita mwayi wokhala m'kampata kameneko, zina zonse zikungodutsa pamwamba pa denga.

Njira yotchipa ndi kabokosi kotchedwa band expander, anyamata a m'magalaja amangoti ekisipanda. Kukula kwake ngati bokosi la machesi. Timazula waya wa eriyo kumbuyo kwa wailesi, kumulowetsa m'kabokosiko, kabokosiko n'kulowa pomwe panali eriyo. Kali ndi kawaya kofiira kofuna moto wa 12V, ndipo kawaya kameneko kalumikizidwe pa waya wobwera moto mukatembenuza kiyi, osati wokhala ndi moto usana ndi usiku. Ntchito ya ekisipanda ndi kutsitsa siteshoni iliyonse ndi nambala yolembedwa pathupi pake. Pali ya 10, ya 14, ya 18 ndi zina. Mukaika ya 14, siteshoni ya pa 100.0 muipeza pa 86.0, ya pa 103.5 muipeza pa 89.5, koma ya pa 106.0 igwera pa 92.0, komwe wailesi yanu sifika. Ndiye musathamangire kusitolo. Patsani wokhala kutsogolo foni yokhala ndi FM, muyende ulendo umodzi kuchoka pa Lizulu kudutsa Mlangeni ndi Biriwiri mpaka pa boma, iye azilemba manambala a masiteshoni amene anthu anu amakonda. Kenako chitani samu yochotsera. Nambala yomwe ikugwetsa masiteshoni ambiri pakati pa 76 ndi 90 ndiyo mugule.

Koma ndisakunamizeni, ekisipanda ndi chigamba. Imafooketsako siginolo, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amagwera pa nambala imodzi, mlaliki ndi woulutsa mpira n'kumalankhulira pamodzi. Msewu wanuwonso ndi wa m'mapiri, komanso ndi malire enieni, kutsidya kwa phula ndi Mozambique, choncho Chipwitikizi chikalowerera pakati pa penate musadabwe. Galimoto yogwira ntchito tsiku ndi tsiku ngati yanuyo ine ndikanaichotsa wailesi ya Chijapaniyo n'kuikamo wamba ya 87.5 mpaka 108, yokhala ndi pobayira fulashi, Bluetooth ndi batani lopotokola la voliyumu. Za batani limeneli ndinena zambiri m'munsimu.

Poti tili pomwepa: ambiri amagula kamodyuleta kobaya pa soketi yoyatsira ndudu, n'kubwera kudzadandaula kuti awagulitsa kakufa. Kamodyuleta ndi kasiteshoni kakang'ono koulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Pa wailesi ya Chijapani kaikeni pansi pa 90, monga pa 88.1, wailesinso muiike pomwepo. Matenda amenewa ndawachiza kambirimbiri osagwira n'sikuludalaiva yomwe.

FUNSO: Bambo, ndine mphunzitsi. Ndinasinthitsa batire la Passo yanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo sikirini yangoima pa zolemba za Chijapani, nyimbo ayi, kamera ya rivesi ayi. Chinanso, ndikangoliza galimoto pamamveka mzimayi akulankhula chilankhulo chachilendo. Apongozi anga anenetsa kuti sakweramonso mpaka abusa adzaipempherere. — Mayi wa ku Bembeke

YANKHO: Tiyambe ndi mzimayiyo mayi, kuti apongozi agone tulo. Suzumirani pansi pa chiwongolero, kapena m'kabati kakutsogolo kwa pasenjala. Mupeza kabokosi kokhala ndi kakamwa kolowetsa khadi, kolembedwa ETC. Ku Japan galimoto yokhala ndi kabokosi kameneka siima pageti la msewu wolipira. Kamalankhulana ndi getilo, ndalama n'kudulidwa pakhadi galimoto ikuyenda. Mzimayiyo ndi mawu ojambula, ndipo m'mawa uliwonse amangokukumbutsani mwaulemu kuti khadi mulibe. Pa Kalinyeke kapena pa Chingeni sangakuthandizeni, mulipira monga tonsefe. Kabokosiko sikakhudzana ndi injini, wamagetsi aliyense akhoza kuzula pulagi yake mayiyo n'kupuma. Pali bambo wina wa ku Kampepuza anandiletsa kuzula, akuti ndi munthu yekhayo amene amamupatsa moni m'mawa osapempha ndalama.

Sikiriniyo ili ndi amodzi mwa matenda awiri. Mawailesi a mapu oikidwa mu Toyota ndi Daihatsu, aja mayina awo amayamba ndi zilembo monga NSZT kapena NSCP, amakumbukira zinthu malinga moto wa batire ulipo. Moto ukaduka amadzuka ngati munthu wokomoka. Ena amafunsa nambala yachinsinsi yomwe anaika mwini wake wakale ku Japan. Amenewa ali ndi tsamba lobisika loonetsa khodi ya zilembo 16 yotchedwa ERC, ndipo kuchokera pa khodi imeneyo odziwa amatulutsa nambala yotsegulira. Ena amafuna kakhadi ka SD ka mapu, chifukwa pulogalamu yoyendetsa wailesi yonse amaiwerenga kuchokera m'menemo. Tsekulani nkhope ya wailesi muone ngati pa kabowo kolembedwa MAP pali khadi. Magalimoto ambiri amafika kuno kaboko kali pululu, ndipo mwini sadziwa kufikira tsiku losintha batire. Memore khadi ya m'foni sigwira, pamafunika yofanana ndi nambala ya wailesi yanuyo ndendende. Jambulani nambalayo, ili pankhope pakona, musanapereke ndalama kwa aliyense.

Tsono funso n'lakuti, kodi n'koyenera kuivutikira? Ikatseguka mapu ake ndi a Japan. TV yake ndi ya ISDB-T pamene kuno timaulutsa pa DVB-T2, ndiye chithunzi simudzachiona. Wotchi yake nthawi zambiri imatsata nthawi ya Tokyo, yomwe ili patsogolo ndi maola 7. Mtengo wa khadi ukayandikira mtengo wa wailesi yatsopano, gulani wailesi. Mungouza wokuikiraniyo kuti makamera ambiri obwera ndi Toyota amadya moto wa 6V, asaupatse 12V mwachindunji, pali kaadaputa kake. Ndipo kwa ena nonse amene wailesi ya Chijapani ikugwirabe: posintha batire uzani makaniko ayambe walumikiza batire lina ndi majampa kuti moto usaduke.

FUNSO: Akulu, ndikufuna kuika sikirini ya Android ya mainchesi 10 mu Vitz yanga. Mnzanga anaikitsa yake ku Lilongwe, ikuwala ngati ya mu Prado, koma mabatani a pachiwongolero anasiya kugwira ndipo m'mbali munatsala mipata yolowa chala. Ndichite bwanji kuti zanga zisathere pomwepo? — Mnyamata wa pa Dedza boma

YANKHO: Mphwanga, funso lako ndi lomwe ndinalidikira, ndiye ukhale pansi.

Mipata ija si ufiti. Mawailesi a m'sitolo amapangidwa pa muyezo wotchedwa DIN, womwe unachokera ku Germany: mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 kutalika, kapena 180 ndi 100 kwa aja timati dabulo dini. Koma Toyota ndi Daihatsu zambiri za ku Japan zili ndi bowo la mamilimita 200. Kusiyana kwa 20 kumeneko ndiye chala cha mnzakoyo, 10 uku 10 uku. Pali timapulasitiki totsekera m'mbali, totchipa kuposa chakudya cha masana. Sikirini za mainchesi 9 ndi 10 zokha zimafuna felemu yonse, yopangidwira mtundu wa galimoto ndi chaka chake. Poitanitsa unenetse kuti chiwongolero chili kumanja, chifukwa mafelemu ambiri a pa intaneti ndi a magalimoto a chiwongolero chakumanzere, ndipo pa dashibodi yopendekera kwa dalaivala salowa ngakhale uchite kuwasema ndi mpeni.

Mawaya a galimoto asadulidwe, ngakhale mmodzi. Toyota zambiri za zaka za Vitz yakoyo zili ndi mapulagi awiri a wailesi, ya mabowo 10 ndi ya mabowo 6, ndipo adaputa yolowa m'menemo imagulitsidwa. Kulumikiza konse kumachitikira pa adaputayo, patebulo, ndi sodala. Mbali ya wailesi mitundu ndi yodziwika: wachikasu ndi moto wa batire wosazima, wofiira ndi wa kiyi, wakuda ndi wa bodi ya galimoto (negetivi), wa olenji ndi wa nyale za usiku, ndipo masipika ndi woyera, wotuwa, wobiriwira ndi wapepo. Wabuluu anthu amamusiya akulendewera, kenako n'kumati wailesi yatsopano sigwira masiteshoni. Pa magalimoto ambiri a ku Japan eriyo ili ndi kaampu kake kokweza siginolo, ndipo chakudya chake chimadzera mwa wabuluuyo.

Mabatani a pachiwongolero tsopano. Pa Vitz, Passo, Sienta yakale ndi anzawo, kuseri kwa batani lililonse kuli karezisita ka mphamvu yakeyake. Ukadina lokweza voliyumu wailesi imaona nambala ina, ukadina lodumpha nyimbo imaona ina. Zonsezo zimadutsa m'timawaya tiwiri kapena titatu tobwera pa pulagi yachitatu kuseri kwa wailesi, yomwe oika mothamanga amangoikankhira m'kati. Sikirini ya Android ili ndi mawaya olembedwa KEY1 ndi KEY2. Amenewo alumikizidwe ku timawaya tija pamodzi ndi wa bodi, kenako m'masetingi muli tsamba lophunzitsira: umadina batani pachiwongolero, n'kuuza sikirini kuti limeneli ndi la chiyani, limodzilimodzi mpaka onse. Ndi ntchito ya mphindi 20. Pioneer ndi Sony zambiri zili ndi kabowo kumbuyo ka zimenezi, Kenwood ndi JVC zili ndi kawaya kake, ndipo zina zimafuna kaadaputa pakati. Magalimoto monga Golf, Polo, Benz ndi ena atsopano ndi nkhani ina. Mabatani awo amatumiza uthenga wa kompyuta pa mawaya awiri otchedwa CAN bus, ndipo pamafunika kabokosi komasulira kogwirizana ndi galimotoyo. Mnzakoyo akaona kuti hutala nayo yasiya ndipo nyale ya airbag yayaka, vuto si wailesi, ndi lamba wa mawaya wozungulira m'khosi mwa chiwongolero amene waduka. Ndipo mawaya okutidwa zachikasu opita kuchiwongolero ndi a airbag, si wachikasu wa wailesi uja. Asayesedwe ndi tesita. Wogwira pamenepo ayambe wachotsa batire n'kudikira masekondi 90.

Pogula usakopeke ndi kuwala kwa m'sitolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masikirini a RAM (memore yogwirira ntchito) ya 1GB amachedwa kudzuka, moti umatha kubwerera m'mbuyo n'kutuluka pageti kamera isanaonetse kanthu. Yambira 2GB, ya 4GB ndiye bwino, ndipo uiyese usanalipire chifukwa zina zimalemba manambala abodza m'masetingi. Udziwenso kuti sikirini ya Android ndi Android Auto si chinthu chimodzi. Yoyambayo ndi tabuleti yomangirira pa dashibodi. Android Auto, yomwe inayamba kupezeka m'magalimoto mu 2015, ndi CarPlay ya Apple ya 2014, zimangoonetsa foni yako pa sikirini ndi zilembo zikuluzikulu, ntchito yonse ikuchitikira m'foni.

Koma chachikulu si chimenecho, ndipo pano ndiulule tchimo langa. Zaka zingapo zapitazo ndinaikira bambo wina wogula kabichi sikirini ya mainchesi 10, ya mtundu uja umaima patsogolo pa dashibodi ngati chikwangwani. Inakongola, tonse tinaijambula. Sindinalabadire kuti m'mphepete mwake mwaphimba theka la batani la hazadi. Patapita milungu iwiri anabwera m'mawa, nkhope ili gwa, osapereka moni. Anandikoka dzanja, kundikhazika pampando wa dalaivala, n'kunena kuti, "Tsinzinani, muyatse hazadi." Ndinapapasa, chala chikungogunda galasi. Ndinachita kupinda dzanja n'kulowetsa kuseri. Anandiuza kuti dzulo lake, m'nkhungu ya pa Lizulu ija yoti nyale za mnzako umazionera pamphuno, lole inaima mwadzidzidzi patsogolo pake, kumbuyo kukubwera minibasi, iye n'kumasakasaka batani. Mulungu anachita zake, minibasi inakhotera kumbali. Sikiriniyo ndinaichotsa tsiku lomwelo, ndalama ya felemu ina ndinalipira ndekha.

Kuyambira pamenepo galimoto situluka pashedi panga ndisanachite mayeso a bambo aja. Mwini wake amakhala pampando, amamanga lamba, amatsinzina, ine n'kumaitana: hazadi, tsitsani voliyumu, dumphani nyimbo, chotsani nthunzi pagalasi. Dzanja likasochera, ntchito sinathe. Galasi la sikirini n'losalala paliponse, chala sichidziwa pomwe chili mpaka diso litsike kukachithandiza. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi. Masekondi atatu ofufuza nyimbo ndi mamita 66, kupitirira theka la bwalo la mpira, ndipo pa M1 m'mamita amenewo mumakwana kabaza, mbuzi ndi mwana wa sukulu. Ngakhale kwa azungu komwe kunachokera fashoniyi ayamba kubwerera. Bungwe la Euro NCAP, loyesa chitetezo cha magalimoto ku Ulaya, kuyambira 2026 likupereka mapointi poonanso ngati zinthu monga maindiketa, hazadi, hutala ndi mawaipa zili ndi mabatani enieni ogwirika.

Ndiye ika sikirini yako mphwanga, sindikukuletsa. Koma ikhale yolowa m'felemu, isatseke hazadi kapena mabowo a mpweya, ndipo ukapeza yokhala ndi batani lopotokola utenge imeneyo ngakhale ichepe ndi inchi imodzi. Mabatani a pachiwongolero agwire onse usanapereke ndalama yomaliza.

FUNSO: Bambo, chiikitsireni wailesi yatsopano, Probox yanga imafuna kukankha m'mawa uliwonse. Batire ndagula miyezi itatu yapitayo. Woikayo akuti ndi kuzizira kwa kuno. — Wogulitsa mbatatesi, Dedza

YANKHO: Kuzizira kwa Dedza kumanamiziridwa zambiri. N'zoona kuti mu Juni ndi Julaye batire limafooka ndipo oyilo amalimba, koma batire la miyezi itatu siligona ndi chisanu chokha. Ndikuganiza kuti ndikudziwa zomwe tipeze tikatsegula, chifukwa sabata yathayi ndatsegula ina yotero. Pulagi ya galimoto inali itadulidwa n'kutayidwa. Waya wofiira ndi wachikasu anapotedwa pamodzi ndi zala n'kulumikizidwa ku moto wosazima, pamwamba atakulunga timizere ta jumbo ndi selotepi ya m'kalasi, yomwe inali itasungunuka n'kumamatira ngati uchi. Pa fyuzi panali kawaya ka kopa. Wailesi yolumikizidwa chotero sigona. Nkhope imazima, m'kati ikudya.

Samu yake nayi. Mabatire a magalimoto ang'onoang'onowa amasunga pafupifupi 35Ah. Chinthu chodya moto wa theka la ampu (0.5A) chimamaliza 6Ah pa usiku wa maola 12, ndipo galimoto ikaima masiku awiri chadya 24Ah. Maulendo afupiafupi a m'tauni sabwezeretsa zimenezo. Galimoto yozimitsa bwino, zitseko zotseka, iyenera kudya zosapitirira 50mA. Wamagetsi aike mita pa 10A pakati pa mutu wa negetivi ndi waya wake, asalize injini mita ili pomwepo, adikire mphindi zingapo, kenako azule fyuzi ya wailesi. Nambala ikagwa, wakuba wapezeka. Ngati muli ndi ampu ya sabuufa ayang'anenso kawaya kake koyatsira, kabuluu ka mzere woyera, chifukwa ena amakalumikiza ku batire ampu n'kumakhala yoyaka usiku wonse. Fyuzi ya waya wamkulu wa ampu ikhale pafupi ndi batire, osati kubuti.

Amene wailesi yawo imaiwala masiteshoni ndi wotchi akangozimitsa galimoto, anu ndi matenda achibale: wofiira ndi wachikasu anasinthanitsidwa.

Bwererani kwa anakuikiraniyo akakonze. Akakana, musakangane naye, koma galimoto isagone m'nyumba ya udzu kapena pafupi ndi nkhokwe kufikira fyuzi yeniyeni italowa.

FUNSO: Ndinagula fulashi ya 64GB n'kuikamo nyimbo za kwaya yathu. Pa kompyuta zikuimba, m'galimoto ikulemba kuti palibe kanthu. — Mayi wa kwaya, Nsipe

YANKHO: Mafulashi a 64GB kupita m'mwamba amabwera atafomatidwa mwa njira yotchedwa exFAT, pamene mawailesi ambiri akale amawerenga FAT32 yokha. Chapafupi n'kugula ya 16GB kapena 32GB, imakwana nyimbo zoti mufike nazo ku Karonga n'kubwerera. Apo ayi, wa kompyuta asunge nyimbozo pena, aifomate mwa FAT32, azibwezeretse. Aonenso kuti ndi MP3. Zojambula pafoni n'kutumizirana pa WhatsApp kawirikawiri sizikhala MP3, ndipo kungosintha dzina la fayilo sikuthandiza, azitembenuze ndi pulogalamu. Muike m'mafoda ochepa, mayi, ya Chichewa, ya Chingoni, ya maliro, kuti musamafufuze mukuyendetsa. Ndipo gulani kafulashi kafupi. Zazitali zija bondo la pasenjala limathyola pamodzi ndi soketi.

FUNSO: Ndikalumikiza foni ndi waya wa AUX kwinaku ndikutchaja, masipika amalira ngati udzudzu, ndikaponda moto kulirako kumakwera. — Wophunzira, Linthipe

YANKHO: Udzudzuwo ndi alitaneta. Foni yagwira bodi ya galimoto m'njira ziwiri, kudzera ku tchaja ndi kudzera ku AUX, phokoso n'kupeza podutsa. Zula tchaja, ukamva kuti zii ndiye kuti ndi zomwezo. Yesa tchaja ina yabwinoko, kapena ugule kachipangizo kotchedwa ground loop isolator kolowa pa waya wa AUX. Bluetooth imathetseratu nkhaniyi, komanso imalola mabatani a galimoto kudumpha nyimbo za m'foni, zomwe AUX singathe. Foniyo ipezere pokhala pomwe diso silichoka kwambiri pamsewu, osati pamiyendo, osatinso pa chivundikiro cha airbag cholembedwa SRS.

FUNSO: Achimwene, ndili ndi Canter yonyamula mbatatesi kuchokera ku Tsangano. Mawailesi awiri apsa. Wina akuti nditenge moto pa batire limodzi. — Mwini lole, Tsangano

YANKHO: Canter yanuyo ndi ya 24V, mabatire awiri a 12V olumikizidwa mondondozana, pamene wailesi ya m'sitolo ndi ya 12V. N'chifukwa chake ikupsa. Kutenga moto pa batire limodzi kumagwira, ndipo ambiri amatero, koma batire limenelo limatsalira m'mbuyo potchaja pamene linzake likutchajidwa mopyola, mapeto ake mugula awiri nthawi isanakwane. Gulani konveta yotsitsa 24V kufika 12V, ya 10A kapena kuposa, yokhala ndi waya wa memore kuti masiteshoni asamafufutike. Kapena funani wailesi yolembedwa 24V. Pa msewu wanu wa mabampu ndi fumbi uja ya CD musayese n'komwe. Tengani yopanda chozungulira m'kati, ndipo imangidwe ndi mabulaketi ake, osati kutsinira ndi katoni.

FUNSO: Bambo, ndili ndi Noah, ndipo tikamapita kumudzi ana amavuta. Wailesi imakana kuonetsa kanema galimoto ikamayenda. Ndamva kuti pali waya woti mukaugunditsa ku bodi zimatheka. Ndi uti? — Bambo wa ana anayi, Ntcheu

YANKHO: Alipo bambo, amapita ku handibuleki kuti wailesi idziwe ngati mwaima, ndipo amene anakuuzaniyo sananame. Koma ine sindimugunditsa, ndipo mtundu wake sindilemba pano. Sikirini yakutsogolo ili pafupi ndi maso anu kuposa a ana, ndipo pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti sindifuna kuti m'galimoto mukhale chinthu china chosuntha kupatula msewu.

Zomwe mukufunazo zili ndi njira yake. Mawailesi ambiri a dabulo dini ali ndi kabowo kachikasu kumbuyo kotumiza chithunzi ku sikirini ya anthu akumbuyo, ndipo kameneko kamagwira ngakhale galimoto ikuyenda, yakutsogolo ili yotseka. Yang'anani kudenga kwa Noah yanuyo, zina zimabwera ndi sikirini yopinda kale, yongofuna kulumikiza. Ikakhalapo, chithunzi chopita kumeneko chiikidwe pa NTSC, chifukwa ndi chomwe masikirini a ku Japan amamva. Mukachisiya pa PAL chimatuluka chopanda mtundu kapena chikuthamanga. Ngati palibe, timamanga ina kuseri kwa mitsamiro ya mipando, waya n'kudutsa pansi pa kapeti kuti tiana tisakoke. Mubwere nayo chakumasana dzuwa litafunditsa dashibodi, chifukwa m'mawa wa Julaye kuno timakilipi ta pulasitiki timangothyoka, ndipo ta Noah pa boma pano sitipezeka.